Maina 11 ku Rhodes

Mu Epulo 2016, mndandanda wa maina 11 a amuna unatulukira pa Facebook pakati pa ophunzira a Yunivesite ya Rhodes, m'tauni ya Grahamstown (lero ndi Makhanda) ku South Africa. Sunatchule mlandu. Unangopatsidwa dzina loti Reference List, koma aliyense anamva kuti eni mainawo akuganiziridwa kuti anagwirira akazi. Dzinalo linali mnyozo wadala. Pasukulu ya ukachenjede, wokopera mawu a wina osatchula mwiniwake amalangidwa mosazengereza, pamene dandaulo la mtsikana wogwiriridwa, monga ankanenera ophunzirawo, limagona m'kabati kufikira mwini dandaulo atatopa.

Akuluakulu a sukuluyo anali nayo mfundo. Mndandanda wopanda mwini si chigamulo, ndipo ophunzira okwiya anakatulutsa ena mwa amunawo m'nyumba zogona n'kuwasunga mokakamiza. Sukulu sikanangopinda manja. Chovuta chinali chakuti liwiro nalonso limalankhula, ndipo limamveka patali kuposa chikalata chilichonse chochokera ku ofesi ya mkulu wa sukulu. M'masiku owerengeka, yunivesiteyo inali itathamangira kubwalo la milandu n'kutengako chiletso cha zionetserozo. Lipoti la komiti yofufuza za nkhanza za kugonana linadzatuluka chaka chikupita kumapeto. Mtsikana amene anadikira miyezi kuti nkhani yake imvedwe anaona ndi maso ake kuti makina omwewo amatha kuthamanga akafuna.

Zikalata zolembedwa pa nthawi yotere zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Zimati nkhani ikufufuzidwa, ndondomeko ikutsatidwa, anthu adekhe. Wofufuzayo satchulidwa, tsiku lomaliza silitchulidwa. Wozilemba amakhala akuganiza za maloya, makolo olipira fizi ndi opereka thandizo. Wolakwiridwa amaziwerenga ngati munthu womvetsera pakhomo nkhani ya iye mwini ikukambidwa m'nyumba.

Mu 2017, yunivesiteyo inachotsa Yolanda Dyantyi, mmodzi mwa otsogolera zionetsero, n'kumuletsa kubwereranso moyo wake wonse, itamupeza wolakwa pa milandu ingapo kuphatikizapo kusunga anthu mokakamiza. Akale amati mlandu suola. Mu Malichi 2022, Supreme Court of Appeal inathetsa chigamulocho poona kuti mlanduwo unapitirizidwa loya wake palibe, kotero sunazengedwe mwachilungamo. Apa n'kuti zaka zoposa zinayi zitapita, anzake a m'kalasi atavala kale mikanjo, iye alibe digiri.