Kayendedwe ka Mphwanga

Mphwanga akaponda ndi mwendo wamanja, chiuno chimagwera kumanzere, ndiye amaponya thupi kumanja kuti asagwe. Kumudzi anagamula kalekale kuti mwanayu anadumpha mankhwala pamphambano. Amayi mpaka lero salonjerana ndi azakhali chifukwa cha mlandu umenewu.

Komatu ine ndinalipo. Ali ndi zaka 4 malungo anamugwira usiku, tsono tinathamangira naye kwa bambo wina amene ankabaya anthu jakisoni m'nyumba mwake. Mwana ankaphupha, ndipo amene anamupanikiza miyendo ndine. Singano ya kwinini inalowa pamwamba pa thako lamanja, cha kufupi ndi msana. Malungo anatha, kutsimphina kunayamba.

Teremu ino m'laibulale ndinatsegula buku la kapangidwe ka thupi. Chichewa chathu n'choumira pano: wa magazi ndi mtsempha, wonyamula mauthenga a ubongo ndi mtsemphanso. Ine ndikunena wachiwiriwu. Pali wina wotchedwa superior gluteal, wochokera m'munsi mwa msana pa mfundo za L4, L5 ndi S1. Umatuluka m'mafupa a chiuno pamwamba pa kamnofu kotchedwa piriformis, n'kukalamulira minofu ya m'mbali mwa thako imene imagwira chiuno kuti chisapendame munthu akanyamula phazi linalo. Mnzake, inferior gluteal, umadzera pansi pa kamnofuko kukadzutsa mnofu waukulu wa thako, uja timadzukira pampando. Umenewu unapulumuka, pakuti mphwanga amakwera chulu bwinobwino. Singano ikanatsika pang'ono ikanatha kulasa sciatic, mtsempha wonenepa ngati chala, ndipo bwenzi akukoka phazi.

Kupendama kwa chiuno kumeneku dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, anakufotokoza mu 1895. Ife tinali tikufunsabe ula! Lamulo lake n'lapafupi mochititsa manyazi: ligaweni thako panayi, mubaye chigawo cham'mwamba chakunja, akakhala mwana wamng'ono, bayani pantchafu.

Ndinakhala pamenepo mpaka belu lotsekera. Kodi singanoyo inalasa apo chifukwa bambo uja sankadziwa, kapena chifukwa mwana anandipulumuka m'manja? Bukulo silinena.

Ndayamba katatu kulembera amayi kalata. Ndikawauza za mtsemphawu azakhali ayera, koma amayi adzakumbukira amene anasankha nyumba ija usiku uja, ndi amene anagwira miyendo. Tchuthi chatsala masabata 2. Mphwanga walonjeza kudzandichingamira pa siteji, kuti adzandinyamulire sutikesi.