Makako aja sanali okweza anthu

Pa makako athu panali kachitsulo kolembedwa 500 kg. Thumba la simenti ndi 50 kg, ndiye kuti matumba 10 basi. Ife tinkasanjapo 12, nthawi zina 13, poti konkire ikayamba kuthiridwa pa silabu sidikira munthu.

Tsikulo dzuwa la Okutobala mu Lilongwe linali litandimaliza, miyendo ikunjenjemera ndi makwerero a nyumba yosanjikiza kanayi. Akapitawo anakuwa: "Iwe, ukutichedwetsa! Khala pamatumbapo." Sindinawiringule. Waganyu akawiringula, mawa amapeza wina pamalo pake. Komanso ndisaname, ndinali nditakwerapo kale kangapo, ndipo kamphepo ka m'mwambamo kankandikomera.

Chingwe cha waya chija ndinkachidziwa bwino. Pafupi ndi ngowe panali timawaya toduka, tobaya ngati minga, ndipo sabata yomweyo tinali titandicheka chikhatho. Tinangokulungapo mphira wa chubu cha njinga kuti tisamalasike, nkhani n'kuthera pomwepo.

Titadutsa nsanjika yachiwiri ndinangomva kuti thaa! Ndinatsitsimuka ndili pa mulu wa mchenga, m'kamwa muli simenti yokhayokha, mwendo utathyoka pawiri, nthiti zitatu zitapita. Mchengawo lole inautsitsa pamalo olakwika m'mawa womwewo, mpaka akapitawo anamukalipira dalaivala. Mnyamata womanga katundu anali atangochokapo kukamwa madzi. Akanaima pansi pa katundu monga tinkachitira tonse, matumba aja akanamuphwanya.

Ndili m'chipatala ndi pomwe alamu anga anandiuza kuti Malawi ali ndi lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, ndi lina la 2000 la chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Koma ine dzina langa silinali m'kaundula aliyense, tinkalandira pamanja Loweruka lililonse. Abwana anatumiza paketi ya shuga ndi mabanzi.

Ndinabwerera kuzomangamanga, kwina, ndikutsimphina. Pamwamba sindikweranso, ntchito yanga ndi yomanga katundu pansi. M'mawa ndisanakoleke kanthu ndimayendetsa nsanza pa chingwe chonse. Ikakodwa penapake, makako sayenda. Matumba ndimawerenga mokweza, ndipo katundu akanyamuka ndimathamangitsa aliyense woima pansi pake. Anyamata anandipatsa dzina loti Abusa, ati ndimalalikira kwambiri. Wina dzana anandinong'oneza kuti ndimukwezeko kamodzi kokha, akapitawo sakuona. Ndinangopinda thalauza n'kumuonetsa mwendo.