Pakhomo pokwerera kombi

Mu 2024 mayunivesite a USC ndi UCLA a ku Los Angeles adasamukira mu ligi ya Big Ten, yomwe matimu ake ambiri ali kutali chakum'mawa. Chidawakoka ndi ndalama za wailesi yakanema. Ku America timu imagulidwa potengera kuchuluka kwa maso oyiwonera, ngakhale osewera azikhalira m'ndege.

Kwathu kuno unyinji sugula malo. Chaka chomwecho Chegutu Pirates idalowa mu ligi yayikulu ya Zimbabwe ili ndi khwimbi la ochemerera. Koma bwalo la Pfupajena silidavomerezedwe, choncho masewero apakhomo ankachitikira ku Baobab, ku Ngezi, pabwalo la eni. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo mawu oti "pakhomo" amandikanika pamenepa. Pakhomo panji pofuna ndalama ya kombi? Amene adakwanitsa adapita, enawo ankangofunsa zigoli madzulo. Ligi itatha timuyo idatsika.

Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza kudzagwira ntchito pamgodi wa Cam and Motor, pafupi ndi Kadoma. Timu yawo idali Rio Tinto ya ku Eiffel Flats, ya Joseph Zulu ija. Ankapita kubwalo wapansi, nachemerera m'Chinyanja chosakaniza ndi Chishona cha pakomponi. Palibe adawawerengapo. Timuyo inkadya za mgodi, ndipo dzanja la mgodi litabwerera, nayo idazimirira mu ligi yayikulu ochemerera akadalipo. Agogo adamwalira osasankha timu ina.