Chigafa cha bambo chasanduka khola

Akonzi,

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno kwa Kabudula. Kuseri kwa nyumba ya makolo anga kuli chigafa chomwe chinandiphunzitsa sukulu. Fodya wa bale yemwe ankauma mmenemo ndi kukagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo ndiye ankalipira fizi yanga. Koma bambo atakalamba, mitengo ya feteleza n'kukwera, anasiya fodya. Chigafa chinatsala chili kukamwa yasa, mbuzi zikubisalamo mvula.

Malipiro anga safika pa 20. Nditatopa ndi ngongole za katapila, ndinaganiza zoweta nkhuku. Ndalama ya malata ndi matabwa ndinalibe, pamene chigafa chinali ndi denga ndi mizati kale. Nditawapempha, bambo anakhala chete kanthawi.

"Aphunzitsi," anatero, poti ndi mmene amandiitanira akafuna kundiseka, "mukufuna muike zitosi momwe munkalowa ndalama?"

Anavomera patapita masabata awiri, koma anandiuza kuti ndisazule mzati ngakhale umodzi.

Ndinatenga theka la chigafacho. Denga ndinafolera udzu watsopano, pansi pake n'kuyala pulasitiki. M'mbali ndinamanga njerwa kufika m'mawondo, pamwamba n'kukunga waya wa nkhuku kuti mphepo izidutsa. Apa chigafa chinandikomera, chifukwa mamangidwe ake ndi oti mpweya uziyenda. Mikangala yomwe tinkapachikapo fodya inasanduka pogona nkhuku. Pansi ndinathira makoko a mtedza, ndipo madengu akale anakhala moikirira mazira. Ndinayamba ndi nkhuku 15 za mikolongwe.

Ndinalakwitsa pa chitseko. Ndinasiya mpata pansi pake woti dzanja n'kulowa, ndikuti palibe kanthu. Sabata isanathe likongwe analowa n'kupha zinayi. Bambo sanandidzudzule. M'mawa mwake ndinawapeza atagwada pakhomo la kholalo, akutseka mpatawo ndi njerwa ndi dothi, ngakhale mawondo amawavuta.

Chiyeso chachikulu chinabwera mu Okutobala. Chitopa chinalowa m'mudzi, monga chimachitira nyengo yotentha. Nkhuku za anzathu zinkazyolika, kupotoka makosi, kutsegula m'mimba zobiriwira, n'kumafa ngati ntchentche. Zanga zinali zitalandira katemera wa I-2, uja wodonthezera kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Alangizi a ziweto anandichenjezanso kuti chitopa chilibe mankhwala, ndipo nkhuku yogula pamsika, kaya pa Nsaru kaya pa Namitete, isasakanizidwe ndi zinzake isanakhale payokha masabata awiri. Khola lokongola popanda katemera ndi manda chabe. Zanga 11 zonse zinapulumuka.

Sindinganame kuti ndalemera. Madeya amadula miyezi ya njala, ndipo utitiri sugona. Koma mazira akugula sopo ndi shuga, zitosi zikupita kudimba, ndipo teremu ino sindinapite kwa wakatapila. Ana anga a Fomu 2 ndinabwera nawo kudzaona khola pa phunziro la zaulimi, ndipo anafunsa mafunso ambiri kuposa omwe amafunsa m'kalasi.

M'midzi yathu muno zigafa zambiri zikungodyedwa ndi chiswe. Musanazigwetse kuti mupeze nkhuni, yambani mwaziyang'ananso.

Masiku ano amene amatsegulira nkhuku m'mawa ndi bambo. Alendo akabwera amawatengera kuseri n'kuwauza kuti, "Bwerani muone nkhuku zanga." Ine sindiwatsutsa.

Mphunzitsi,
Kabudula, Lilongwe