Mtembo Nawonso Umapereka Umboni

Munthu akafa mwadzidzidzi m'midzi ya ku Zemba, m'boma la Chadiza, maso a anamfedwa kawirikawiri amagwera pa nkhalamba ina ya pamudzi. Komatu lamulo la Zambia limaletsa kuchula munthu mfiti, ndipo khoti silimvera za ula. Limafuna umboni wopimika.

Umboniwo umayambira pamene papezeka mtembo. Edmond Locard, amene anatsegula nyumba yopimira zinthu za milandu ku Lyon, m'dziko la France, mu 1910, anaphunzitsa kuti wopalamula amasiyapo kanthu pamalo, natengaponso kanthu: mapazi, tsitsi, magazi, ngakhale dothi la kunsapato. Khamu likapondaponda pamalopo, kapena wacibale akatsuka nkhwangwa, mboni zosalankhulazi zimafafanizika.

Zidindo za zala sizifanana, ngakhale za mapasa. DNA, yopezeka m'magazi, m'malovu ndi m'mafupa, inayamba kuthandiza apolisi ku England mu 1986, ndipo nchito yake yoyamba inali kumasula mnyamata wosalakwa.

Kupima mtembo, kumene ambiri amakuopa, ndiko kumathetsa manong'onong'o. Dotolo amapeza ngati malemu anapita ndi matenda, poizoni kapena cibonga. Akaikidwa mothamanga, khoti lingalamule kufukula manda, ndipo cisoni cimayambanso.

Cotero udindo wa nyakwawa ndi waukulu: kuchinga malowo, kuletsa aliyense kukhudza kanthu, ndi kutuma wanjinga kupolisi. Kudikira kwa tsiku limodzi kungapulumutse agogo amene akanaocheredwa nyumba popanda cifukwa.