Miyezi 3 inasanduka caka: foni ya nkhongole ku Sinda

Kale munthu akafuna kutenga wailesi kapena njinga pa nkhongole, anali kupita yekha ku sitolo pa Katete. Mwini sitolo anali kutsegula buku lacikuto colimba, nalemba dzina, mudzi ndi mtengo, wogulayo nadinda cala. Pakabuka mkangano buku linali pomwepo, ndipo mwini sitoloyo anali wodziwika ngakhale kwa nyakwawa. Masiku ano nkhongole imalowa m'nyumba kudzera pa Facebook ndi WhatsApp. Wogulitsa saoneka nkhope, buku lili m'makompyuta ku Lusaka, ndipo m'malo mwa cala muli timanambala timene munthu amawerengera mlendo pa lamya, osazindikira kuti akusaina pangano.

Izi ndizo zinagwera mai wina wamasiye wa m'dera la Mfumukazi Nyanje, m'boma la Sinda. Atagulitsa soya ndi nshawa zao mu Juni, maiwo anafuna foni yaikulu yoti azionerapo adzukulu ao a ku Lusaka, popeza kafoni kao ka mabatani kanali katatopa. Mwana wa mlongo wao, mnyamata wa ku sekondale ku Katete, ndiye anaona cilengezo pa Facebook. Panali cithunzi ca foni yonyezimira ndi mau akulu-akulu a Cingelezi: perekani K600 lero, K20 pa tsiku, mutsirize m'miyezi 3. Mnyamatayo anawerengetsa pa pepala. Masiku 90 a K20 ndi K1,800, kuikapo K600 ija zonse K2,400. “Azakhali, mtengo uwu mungaukwanitse,” anatero.

Mwamuna amene anayankha nambala ya pa cilengezoco anali waulemu kwambiri. Anapempha cithunzi ca reji, kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso cina ca nkhope ya maiwo atagwira rejiyo. K600 inapita pa foni. Patapita kanthawi kunabwera uthenga wa Cingelezi wokhala ndi manambala. “Amai, ingondiwerengerani manambala abwerawo kuti katundu wanu anyamuke lero lomwe,” anatero mwamunayo. Anamuwerengera. Patatha masiku 4 phukusi linatsika m'basi pa Sinda, pa mseu wa Great East. M'bokosimo munali foni, cochajira ndi kapepala ka fakitale. Pepala la pangano munalibe.

Maiwo sanaphonye tsiku ndi limodzi lomwe. Kawiri-kawiri anali kulipiriratu K140 ya sabata yathunthu pa kabuthi ka ndalama za pa foni, ndipo anali kulemba mzere pa cikuto ca buku lao la nyimbo za ku chalichi nthawi iliyonse akalipira. Tsiku la 90 litakwana anauza anansi kuti foni tsopano ndi yao-yao. Kutaca, galasi la foni linali lotsekeka, ndi uthenga wakuti atsala ndi K5,500. Pangano limene anavomera powerenga manambala aja linali la masiku 365. Pamodzi ndi K600 yoyamba, foni ya K2,400 inali kudzawadyera K7,900, kuposa katatu.

Ambiri m'midzi amaganiza kuti foni yotere ikatsekeka, kusintha simu khadi kumathandiza. Sikuthandiza ai. Cotsekaco cimaikidwa m'kati mwa foni isanacoke kwa wogulitsa, ndipo cimamangidwa pa nambala ya foniyo yeni-yeni, ya manambala 15, imene imaoneka munthu akadinda *#06#. Ndalama ya tsiku ikalowa, makina a kampani amatsegula. Ikapanda kulowa, amatseka. Palibe mesenjala wobwera pa njinga, palibe wina womudandaulira za maliro kapena za cilala. Njira imeneyi payokha si yoipa, pakuti yathandiza alimi ambiri opanda cikole kukhala ndi foni ndi magetsi a dzuwa. Cimene cimapweteka ndi pamene mtengo wonenedwa pakamwa usiyana ndi wolembedwa m'makina.

Nambala ya mwamuna waulemu uja inaleka kulira. Ku nambala ya kampani kunali kuyankha munthu wina tsiku lililonse, motero maiwo anali kuyambiranso nkhani yonse pa ciyambi, pa kafoni kobwereka, tokotaimu ikutha. Yankho linali limodzi-modzi: manambala anawerenga okha, cotero anavomera, wogulitsayo ndi ejenti wodziimira payekha, zimene ananena kampani sikuzidziwa. Kenaka kunayamba kubwera mauthenga oopseza kuti dzina lao lidzaperekedwa ku mabungwe osunga maina a anthu osabweza nkhongole. Uwu ndiwo unawasowetsa tulo. Foni anali okonzeka kuiiwala, koma dzina limene anasunga loyera zaka zonse za ukwati ndi za umasiye, limenelo ai. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mlimi aliyense amachera khutu ku mauthenga a feteleza wa boma.

Aphungu sanasowe. Ena anati aiponye m'cimbudzi. Ena anati pa Katete pali anyamata odziwa kuthyola cotsekaco, koma kuthyola cotseka sikufafaniza nkhongole yolembedwa pa reji. A nyakwawa anamvetsera bwino lomwe, nafunsa funso loona: kodi kampani yopanda khomo m'dziko la mfumu ingaitanidwe bwanji pa bwalo?

Thandizo linacokera kwa aphunzitsi ena a pa sukulu ya pafupi, amene anafunsa cinthu cimodzi cabe, ngati cilengezo cija cinasungidwa. Pa Facebook cinali citafafanizidwa kale. Koma mnyamata uja anali atacijambula pa foni yake tsiku loyamba kuti akaonetse azakhali ake, ndipo pa WhatsApp panali patatsala mau a ejenti, ojambulidwa ndi pakamwa pake, onena za miyezi 3. Anthu akulu amadzudzula ana a masiku ano cifukwa cosunga zacabe-cabe m'mafoni. Apa zacabe-cabezo ndizo zinakhala mboni.

Dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza ogula, la nambala 24 la caka ca 2010, limene linakonzedwanso mu 2023. Lamuloli limaletsa wamalonda kunena zabodza kapena zosoceretsa za katundu ndi mtengo wake. Limanenanso kuti mfundo ya m'pangano yopondereza wogula siimanga wogulayo, ndipo limaletsa zikwangwani zija zomati katundu akagulidwa sabwezedwa. Woyang'anira lamuloli ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, mwacidule CCPC, limene lili ndi ofesi ku Chipata ndi nambala yaulere ya 5678. Kudandaula kumeneko sikulipiritsa ndalama ndiponso sikufuna loya.

Palinso lamulo lina, la nambala 4 la caka ca 2021, lonena za malonda a pa intaneti. Limalamula wogulitsa kuonetsa poyera dzina lake, kumene akupezeka, mtengo wonse ndi mfundo za pangano munthu asanagule, ndipo limapatsa wogula masiku 7 cilandirire katundu oti angathe kusintha maganizo ndi kumubweza. Ndi lamulo labwino kwa munthu amene watsegula bokosi napeza mtundu wina wa foni. Koma kwa maiwa masiku 7 amenewo anatha ali cisangalalire, akuonetsa anansi zithunzi za adzukulu. Cinyengo cimene cinawagwira cinakonzedwa kuti cidzaonekere pa tsiku la 91. Ndiye cifukwa cace mlandu wao unayenera kuima pa bodza la mtengo, osati pa masiku obwezera.

Aphunzitsiwo analemba kalata yaifupi ya Cingelezi, maiwo akunena m'Cinyanja. Munalibe zonyoza. Munali tsiku logulira, nambala ya ejenti, nambala ya foni ya manambala 15 ija, ndi mndandanda wa malipiro onse wotengedwa m'mauthenga a ndalama za pa foni. Anaphatikizapo cithunzi ca cilengezo ndi mau a ejenti, napempha zinthu ziwiri: kope la pangano lonse, ndi kuti foni itsegulidwe pa mtengo wolengezedwa wa K2,400 umene unali utalipidwa kale. Mzere wotsiriza unati pakapita masiku 14 popanda yankho, nkhaniyo ipita ku CCPC ku Chipata.

Yankho loyamba linali lakuti awacotsereko theka, alipire K2,750. Ena pa mudzi anati alandire, ciri m'manja ndico cako. Maiwo anakana, nati munthu sanenerera mtengo wa mbuzi imene anagula kale. Patapita sabata zina zitatu, kampaniyo inavomera kuti ejenti wake anasoceretsa wogula, inafafaniza K5,500 nitsegula foniyo. Ndalama za tokotaimu ndi za maulendo awiri a ku Katete kukasindikiza mapepala sizinabwezedwe, ndipo palibe amene anapepesa. Ejenti uja sanamvekenso.

Pa nkhani zotere anthu ambiri amataya mtima cifukwa cogogoda pa khomo lolakwika. Mtengo wabodza, katundu wosayenera ndi pangano lopondereza ndi za CCPC. Tokotaimu kapena mabandulo odyedwa popanda cifukwa, simu khadi yolembetsedwa pa reji ya munthu iye osadziwa, ndi za ZICTA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, limene nambala yake yaulere ndi 7070. Ndalama zosowa m'thumba la pa foni zimagwa m'manja mwa Bank of Zambia. Konseku funso loyamba limakhala lakuti kodi munayamba mwadandaula kwa kampaniyo, ndipo anakupatsani nambala yanji ya dandaulo. Wopanda nambala imeneyo angathe kubwezedwa kukayambira pansi.

Maofesi amenewa ndi akutali. Kucokera pa Sinda kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 100, ndipo mtengo wa basi ungamalize phindu la thumba la nshawa. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012 kuti nchito za boma ziyandikire anthu, komabe wa ku Vubwi, kumene m'midzi ina ya m'malire a Malawi ndi Mozambique netiweki amaisaka pa culu kapena pa phiri, ayenera kuima padzuwa kufikira nambala yaulere iyankhe. Ndipo mapangano onsewa amabwera m'Cingelezi, m'zilembo zazing'ono, pa galasi losaposa cikhato ca mwana. Makampani amadziwa kulengeza malonda m'Cinyanja pa wailesi. Kulemba mtengo wonse m'Cinyanja comweco sikungawalemere.

Mafoni otsekeka aja amene ena amataya nao mtima samathera m'cimbudzi onse. Ena amalipiridwa masiku awiri kapena atatu kuti atseguke, nagulitsidwa mochipa pa msika kwa munthu wosadziwa. Wogulayo amafika nayo ku mudzi ikugwira nchito bwino-bwino, ndipo Lolemba lotsatira imatsekeka, ikuonetsa nkhongole ya munthu amene sanamuonepo.