Mawu a ku Hotela

Mafoni a m'manja atangofika kuno, TNM mu 1995 ndi Celtel mu 1999, chinthu ndicho chinkatsogola, dzina n'kubwera pambuyo. Tinkayamba tachigwiritsa ntchito, kenako n'kuchitcha tokha. Kuimbira munthu n'kudula asanayankhe tinati kuflasha. Kakhadi kokala kaja tinati mayunitsi. Foni ikakana kugwira tinkati palibe netiweki, ndipo mudzi uliwonse unali ndi chulu chake pomwe anthu ankakwera kukaisaka. Palibe amene anatiitanira ku msonkhano kuti akatiphunzitse mawu amenewa.

Pano zinatembenuka. Mawu ndiwo amafika msanga, chinthu chake n'kumabwera chikutsimphina, pena osafika n'komwe.

Ndinayamba kuziona zimenezi m'zaka za m'ma 2000, ndikulemba malipoti ku bungwe lina. Kalata yopempha thandizo yopanda ICT inkangobwerera chimanjamanja. Kenako chilichonse chinavekedwa "e" kumutu: e-learning, e-health, e-government. Ndinafikapo pa sukulu ina imene m'lipoti inkatchedwa ya e-learning. Makompyuta analipodi, ali m'makatoni, chifukwa magetsi anali asanafike.

"E" atakalamba kunabwera "digital", "innovation", "platform", "cloud". Mu 2021 kampani ya Facebook itasintha dzina kukhala Meta, aliyense wovala jekete anayamba kulankhula za "metaverse". Lero ndani akuitchulanso? ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, zonse zinasanduka AI. Ngakhale pulogalamu yongotumizira alimi uthenga wa mitengo ya mtedza, yomwe kale inkatchedwa SMS basi, pano akuti ndi "AI-powered solution".

Sindikunena kuti zinthuzi n'zabodza. Zina zimagwiradi ntchito. Chimene chimandiwawa n'chakuti mawuwa sanapangidwire mlimi kapena mphunzitsi. Amalunjika kwa amene wagwira chikwama cha ndalama. Ndipo amatseka anthu pakamwa. M'chipinda cha msonkhano ku hotela ya ku Mangochi kapena ku Salima, wolankhula akati "digital transformation ecosystem", mitu yonse imagwedezeka movomereza, chifukwa palibe wofuna kuoneka mbuli pamaso pa bwana wake. Funso losavuta, lakuti kodi ichi chithandiza ndani ndipo alipira ndani, limafera kukhosi. Ukalifunsa, amakuyang'ana ngati wachedwetsa nkhomaliro ndi alawansi.

Taonani za ndalama za pafoni, zomwe zinasinthadi moyo wathu kuposa misonkhano yonseyo. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. Ku hotela amazitcha "fintech" ndi "financial inclusion". Mayi wogulitsa kachewere ku Lizulu sanamvepo mawu amenewo, koma nkhaniyo amaidziwa kuposa wolankhula uja. Ukamuuza kuti ulipira pafoni amakupatsa nambala, n'kukukumbutsa kuti uwonjezerepo yotapira, chifukwa akudziwa bwino kuchuluka kwa ndalama imene adzadulidwe akapita kwa ejenti madzulo.